Kodi Wodwala Mliri Abwerere Kwao? Mau a Mlembi pa Tsiku la Chikondwerero



A komiti anapempha kuti mau a mlembi chaka chino asakhale a chiwerengero cha mamembala kapena za chuma, pakuti zimenezo mwazimva kale m'lipoti. Anati tikambe nkhani imodzi yokhudza odwala, popeza kudwazika ndi kuzonda matenda ndi ntchito imene amaife timaidziwa. Tsono tasankha nkhani ya mliri wa Ebola umene unavuta ku maiko a kumadzulo kwa Africa m'chaka cha 2014, makamaka mkangano umene unabuka pamene ndege zinayamba kunyamula odwala kupita nao ku maiko a kwao. Zinachitikira kutali, koma funso lake mulimva kuti si lachilendo: munthu wanu wadwala nthenda yoopsa yopatsirana ali kutali, kodi mukamtenge abwere kumudzi, kapena akhale komweko?

Tiyambe ndi nthenda yake. Ebola inadziwika m'chaka cha 1976 pa mishoni ya Yambuku m'dziko la Zaire, limene lero ndi Congo, ndipo dzinali analitenga ku mtsinje wa kufupi ndi kumeneko. Anadwala anthu 318, anamwalira 280. Mliri wa kumadzulo unayamba mu Disembala 2013 m'mudzi wa Meliandou ku Guinea, pamene mwana wamng'ono anadwala namwalira, kenaka mlongo wake, amake ndi agogo ake. Unalowa ku Liberia ndi ku Sierra Leone, ndipo pamene unkatha mu 2016 unali utagwira anthu opitirira 28,000 ndi kupha opitirira 11,000.

Kachirombo kake sikayenda ndi mphepo monga chikuku ai. Kamakhala m'magazi, m'masanzi, m'chimbudzi, m'thukuta ndi m'madzi ena a m'thupi la wodwala. Munthu akakatenga pamapita masiku 2 kufikira 21 asanayambe kumva m'thupi, ndipo masiku amenewo sapatsira mnzake. Koma akagona, nayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, aliyense womgwira ndi manja ali pa ngozi, ndipo mtembo ndiwo woopsa koposa. Mukaona bwino, nthendayi imasankha anthu achifundo: wopukuta masanzi, wochapa nsalu, wosambitsa maliro. Gwirani mfundo imeneyi, amai, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Kumapeto kwa Julaye 2014 anthu awiri a ku America anapezeka ndi Ebola pa chipatala cha ELWA mu mzinda wa Monrovia. Mmodzi anali Dr Kent Brantly, wa zaka 33, wotumidwa ndi bungwe la Samaritan's Purse. Akazi ake ndi ana awiri anali atangonyamuka kupita ku ukwati ku Texas masiku ochepa iye asanadwale. Wina anali Mai Nancy Writebol, a zaka 59, a mishoni ya SIM. Mai amenewa sanali namwino. Ntchito yao inali kupopera madzi a kolorini pa zovala za madotolo akamatuluka m'chipinda cha odwala. Mabungwe ao anapeza ndege ya kampani ya Phoenix Air, imene m'kati mwake munali hema wa pulasitiki wotsekeka bwino, wokwana wodwala mmodzi yekha. Motero ndege inayenda maulendo awiri. Dr Brantly anafika ku Atlanta pa 2 Ogasiti, ndipo anthu anamuona pa kanema akutsika yekha m'ambulansi, atavala chovala choyera chophimba thupi lonse, wina atamgwira mkono. Mai Writebol anafika pa 5 Ogasiti atagona pa machira. Onse awiri anawagoneka pa chipatala cha Emory.

Phokoso linayamba ndege isanatere. Bambo Donald Trump, amene nthawi imeneyo anali munthu wamalonda asanakhale pulezidenti, analemba pa Twitter kuti odwalawo asaloledwe kubwerera, ndi kuti anthu opita kutali kukathandiza anzao ndi abwino koma azisenza okha zotsatira zake. Mai wina wolemba m'nyuzipepala, Ann Coulter, ananyoza dotoloyo kuti anapitiranji ku Africa. Mkulu wa bungwe la boma loona za miliri, la CDC, Dr Tom Frieden, analandira makalata achipongwe ndi matelefoni ambiri ofunsa chifukwa chobweretsera nthenda m'dziko. Ndipo sizinathere pa mau. Akulu a chipatala cha Emory anafotokoza pambuyo pake kuti a boma la dera lao anaopseza kudula mapaipi a zonyansa ngati za odwalawo zikanatayidwa m'menemo. Kampani yotola zinyalala za chipatala inakana kuzinyamula kufikira zitaphikidwa m'makina opha tizirombo. Amtengatenga anakana kunyamula magazi okayezetsa ku CDC, ngakhale ndi pafupi poti munthu n'kuyenda pansi. Ngakhale ogulitsa chakudya anakana kukapereka kwa anamwino a pa chipatalapo.

N'chapafupi kuwaseka anthu amenewa, koma ife sitiwaseka. Anali atamva kuti nthendayi ilibe mankhwala ndiponso kuti imapha ambiri mwa oigwira. Mai amene ali ndi ana m'nyumba akamva kuti nthenda yotere yafika pa chipatala cha m'dera lake, mtima uyenera kugunda. Chimene tikutsutsa ndi mau akuti munthu wopita kukathandiza asenze yekha. Mau amenewo akanatsatidwa, ndani akanapitanso? Mliri uja unatha chifukwa anthu anapita kukauzimitsa kumene unkayaka, eni dziko pamodzi ndi alendo. Mukauza namwino kuti akadwala chitseko cha kwao chidzatsekedwa, mwachepetsa opita, ndipo moto ukula kufikira udzafike pakhomo panu pomwe.

Mkulu wa anamwino pa Emory, Mai Susan Grant, anayankha anthu m'nyuzipepala ya Washington Post. Anafotokoza kuti chipatala chao chinakonzekera ntchito yotere, kuti kusamala wodwala ndiyo ntchito ya namwino, ndi kuti zimene akaphunzire pa odwala awiriwa zidzathandiza enanso. Sanali kungolankhula. Chipinda chapadera chimene anagonekamo odwalawo chinakonzedwa zaka khumi ndi ziwiri mliri usanabwere, ndipo antchito ake, motsogozedwa ndi Dr Bruce Ribner, ankayeserera kawirikawiri kuvala ndi kuvula zovala zodzitetezera ngakhale munalibe wodwala. Mai Writebol anatuluka pa 19 Ogasiti, Dr Brantly pa 21 Ogasiti, onse atachira. Palibe namwino, dotolo kapena wosesa wa pa Emory amene anatenga nthenda. Ku England nako, namwino William Pooley anamnyamula pa ndege ya asilikali kuchokera ku Sierra Leone pa 24 Ogasiti, anachira pa chipatala cha Royal Free ku London, ndipo mu Okutobala anabwerera ku Sierra Leone kukapitiriza ntchito.

Kodi kumeneko ankawapatsa chiyani? Panali mankhwala oyesera otchedwa ZMapp, inde, koma chachikulu chinali chisamaliro chimene mukuchidziwa kale: kubwezera madzi ndi mchere zimene thupi lataya, kuyeza magazi pafupipafupi, ndi namwino wokhala pambali usana ndi usiku. Mwa odwala 27 amene anasamalidwa ku America ndi ku Ulaya anamwalira 5. Linganizani ndi 11,000 mwa 28,000 aja. Nthenda ndi imodzi, kachirombo ndi kamodzi, kusiyana kunali pa bedi limene munthu anagonapo.

Tikanalekera pamenepa tikanakunamizani, chifukwa ku Spain zinthu sizinayende chomwecho. Boma la kumeneko linakatenga wansembe wokalamba, Bambo Miguel Pajares, a zaka 75, ku Monrovia pa 7 Ogasiti, koma anamwalira pa 12 Ogasiti pa chipatala cha Carlos III ku Madrid. Mu Sepitembala anakatenganso wina, Manuel García Viejo, ku Sierra Leone, nayenso anamwalira patapita masiku ochepa. Mai wina wothandiza anamwino, Teresa Romero, anadzipereka kusamala odwalawa, ndipo analowa m'chipinda cha wachiwiriyo kukamsintha ndi kukachotsa zinthu atamwalira. Pa 6 Okutobala anapezeka ndi Ebola, woyamba kuitengera kunja kwa Africa pa mliri umenewu. Anakhala masiku angapo akumva kutentha thupi ali kunyumba asanamgoneke. Anamwino anzake anachita zionetsero kudandaula kuti maphunziro a kavalidwe anali achidule ndi zovala zosakwanira, pamene akulu ena anafulumira kuloza chala maiyo kuti anadzigwira kumaso ndi golovesi povula. Boma linapha ngakhale galu wake, dzina lake Excalibur, ndipo anthu ambiri anakwiya nazo. (Tinene mwapambali kuti galu ameneyu anamveka m'nyuzipepala za ku Ulaya koposa mazana a ana amene ankamwalira ku Monrovia mwezi womwewo.) Mai Romero anachira natuluka mu Novembala, ndipo palibe wina anatenga kwa iye, ngakhale amuna ake.

Onani tsono pamene ngozi inagwera. Siinagwere anthu a m'misewu ya Madrid amene ankaopa, kapena olemba mau aukali pa intaneti. Inagwera mai mmodzi wa malipiro ochepa amene anagwira thewera la wodwala. Choncho funso loyenera silinali lakuti abwere kapena asabwere. Linali lakuti akabwera adzamgwira ndani, wamphunzitsa ndani, wavala chiyani, ndipo povula alipo womuyang'anira?

Pali chinanso chimene anthu amantha aja sanachione. Wodwala wodziwika, wobwera m'hema wa pulasitiki, madotolo akumdikira, sindiye woopsa kwambiri. Woopsa ndi uja wobwera osadziwika. Bambo Thomas Eric Duncan a ku Liberia anathandiza kunyamula mai woyembekezera wa pafupi ndi nyumba yao amene ankadwala. Anakwera ndege wamba ali bwinobwino nafika ku Dallas pa 20 Sepitembala. Atayamba kudwala anapita ku chipatala, koma anawapatsa mankhwala n'kuwabweza kunyumba. Anawagoneka pa 28 Sepitembala, anamwalira pa 8 Okutobala, ndipo anamwino awiri amene anawasamala anatenga nthenda, ngakhale onse anachira. Ku Nigeria, Patrick Sawyer anatsika ndege ku Lagos pa 20 Julaye akudwala kale. Dotolo wachizimai, Dr Ameyo Adadevoh, anazindikira nthendayo nakana kumtulutsa m'chipatala ngakhale anamkakamiza. Dotoloyo anatenga nthenda namwalira pa 19 Ogasiti, koma mu mzinda wa anthu mamiliyoni ambiri mliri unaima msanga. Dziko lonse la Nigeria anadwala anthu 20, anamwalira 8.

Zofanana nazo zinachitika kufupi ndi kuno mu 2008. Mai wina anadwala ku Lusaka, ndipo anamnyamula pa ndege kupita naye ku Johannesburg osadziwa chimene akudwala. Anamwalira, kenaka anamwaliranso bambo amene anamsamala m'ndege, namwino wa m'chipatala, ndi mai wosesa m'chipinda chimene anagonamo. Namwino wachiwiri yekha ndiye anachira. Kanali kachirombo katsopano, ndipo anakatcha Lujo, kuphatikiza maina a mizinda iwiriyo. Wosesa uja sanafunsidwe maganizo ake ndege isananyamuke.

Koma kwa anthu wamba a ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone nkhani ya ndege inali ya m'wailesi chabe. Kwao kunyamula wodwala kunali pa njinga yamoto, m'takisi, pa wilibala kapena kumbuyo. Ambiri ankathawitsa odwala ao kupita nao kumudzi, chifukwa ankaona kuti wolowa m'misasa ya Ebola satuluka, ndipo mtembo wake suonekanso. Boma la Liberia litalamula mu Ogasiti 2014 kuti mitembo ya ku Monrovia izitenthedwa, anthu anayamba kubisa odwala ndi kuika maliro usiku, pakuti kutentha munthu si mwambo wao. Ulendo uliwonse wotere unkasiya nthenda kwa woyendetsa, kwa womfungata pa njira, ndi kwa amai osambitsa thupi. Sitingawatche opusa. Ndani mwa ife angakonde kuti mai wake aikidwe ndi alendo ovala ngati mizukwa, popanda nyimbo, popanda kuona nkhope? Zinthu zinayamba kusintha pamene a zaumoyo anakhala pansi ndi mafumu, abusa ndi mashehe, nagwirizana kuti oika maliro akhale ophunzitsidwa, koma abale aime chapatali, apemphere, aone manda a munthu wao. Anthu anayamba kumvera ataona kuti akulemekezedwa.

Tikumbuke mtsikana wina wa ku Liberia, Fatu Kekula, wa zaka 22, amene ankaphunzira unamwino. Zipatala zitakana atate ake chifukwa chodzaza, anawasamalira kunyumba pamodzi ndi amake, mchemwali wake ndi msuweni wake, onse anai akudwala. Analibe zovala za chipatala. Ankamanga matumba a pulasitiki otayira zinyalala kumapazi ndi kumutu, navala mabuti, renikoti, chophimba pakamwa ndi magolovesi angapo, ndipo ankatero ulendo uliwonse wolowa m'chipinda. Atatu anachira, msuweni anamwalira, iye sanadwale. Sitikunena kuti Ebola azidwazikira kunyumba, ai ndithu. Tikunena kuti mtsikanayu anadziwa njira imene nthenda imadzera, naitseka ndi zimene anali nazo.

Nafenso kuno tinalawako funso lomweli pa mliri wa Covid. Mu Meyi 2020 mabasi anabweretsa abale athu ochokera ku Joni, ndipo anawasunga pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre kudikira zotsatira za kuyezedwa. Mazana a iwo anathawa kupita m'makwao, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi, ndipo m'midzi anthu anayamba kuyang'ana ndi diso loipa aliyense wotsika basi ndi chikwama. Kuwabweretsa kunali koyenera. Chimene chinasowa ndi kukonzeka kwa malo owalandirira.

Tatsala ndi mbali imene imatiwawa, ndipo tiinena ngakhale ndi tsiku la chisangalalo. Pamene anthu a ku America ndi ku Spain ankakangana za kubweretsa odwala ao, panali ena amene ndege sinawadzere. Antchito a chipatala opitirira 500 anamwalira pa mliri uja, pafupifupi onse eni dziko. Dr Sheik Umar Khan, wa zaka 39, ndiye ankatsogolera nkhondo yolimbana ndi Ebola ku Kenema m'dziko la Sierra Leone, ndipo anasamala odwala opitirira 100. Atadwala, mankhwala a ZMapp analipo pa msasa wa Kailahun pamene anagona. Madotolo anakambirana, naopa kumpatsa mankhwala amene anali asanayesedwepo pa munthu, poganiza kuti akamwalira anthu adzati azungu amupha. Anamwalira pa 29 Julaye. Mankhwala omwewo ndiwo anapita ku Monrovia kwa Dr Brantly ndi Mai Writebol. Mu Sepitembala, Dr Olivet Buck, dotolo wachizimai wa ku Freetown, anadwala. Boma lake linapempha bungwe la WHO kuti lithandize kupita naye ku Hamburg ku Germany kumene chipatala chinali chokonzeka kumlandira. Bungwelo linati silingathe, ndipo maiyo anamwalira. Ife tikuti awiri a ku America aja anayenera kutengedwa, ndipo Dr Buck anayeneranso. Dr Brantly mwini wake sanaiwale za anzake. Atachira analankhula pamaso pa aphungu a dziko lake kupempha thandizo la maiko atatu aja, ndipo anapereka magazi ake kwa odwala ena.

Lero zinthu zinasinthako. Katemera wa Ebola anayesedwa ku Guinea mu 2015 navomerezedwa mu 2019, ndipo mu 2020 anavomereza mankhwala awiri amene anayesedwa ku Congo. Amodzi mwa iwo anachokera ku ntchito ya Dr Jean-Jacques Muyembe, Mkongo amene anali ku Yambuku mu 1976 ali dotolo wachinyamata, ndipo anapangidwa kuchokera m'magazi a munthu amene anachira pa mliri wa ku Kikwit mu 1995. Katemerayu amateteza ku mtundu umodzi wa Ebola, wa Zaire, osati uja unavuta ku Uganda mu 2022.

Tibwerere ku ndege ija inakatenga Bambo Pajares. Pa chipatala cha St Joseph ku Monrovia sanali kudwala okha. Panali masisitere awiri amene ankagwira nao ntchito, Sisitere Chantal Pascaline a ku Congo ndi Sisitere Paciencia Melgar a ku Equatorial Guinea, onse ali ndi Ebola. Ndege inatenga wansembe ndi sisitere wina amene anali ndi chiphaso cha Spain, ngakhale iyeyo anapezeka wopanda nthenda. Awiri aja anatsala chifukwa sanali nzika. Sisitere Chantal anamwalira pa 9 Ogasiti. Sisitere Paciencia anawatengera ku msasa wa odwala mu mzinda momwemo, ndipo anachira. Mwezi wotsatira a ku Spain anawafuna, pakuti magazi a munthu wochira amakhala ndi mphamvu yolimbana ndi kachiromboka. Anavomera, anakwera ndege kupita ku Madrid, koma anafika García Viejo akumwalira. Magazi ao anasungidwa, ndipo mu Okutobala anawapereka kwa Teresa Romero. Atolankhani atawafunsa ngati ali ndi mangawa chifukwa chosiyidwa ku Monrovia, anayankha kuti alibe.